Kuthamanga Sikufika: Malonje a Ulendo wa ku Dar es Salaam

Kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, munthu akabwerako ku ulendo wautali sangolowa m'nyumba n'kukagona ayi. Amayamba wakhala pamphasa, namwa madzi, ndipo akapuma akuluakulu a pabanja amamufunsa malonje. Pamalonje wapaulendo amalongosola mwandondomeko m'mene adanyamukira, kumene adagona, chimene adakwera, anthu amene adakumana nawo ndi zonse zimene zidamugwera, kuyambira tsiku lotsanzika kufikira pamene waponda pakhomo. Omvera sadula mawu, amangovomereza ndi m'manja pang'onopang'ono. Ngati munthuyo adachita kutumidwa, malonjewo amakhalanso bwalo lowerengera ndalama, pakuti eni ake amafuna kumva kumene tambala iliyonse idalowera. Mwambo umenewu ndiwo udathetsa mkangano wa anthu awiri a ku Chikombe pamene adafika mumzinda wa Mbeya, m'dziko la Tanzania, mu Malichi 2019, n'kuyamba kulimbana za chokwera popita ku Dar es Salaam.

Wamkulu mwa awiriwo adali msodzi wa zaka pafupifupi 70, mwini chilimira, yemwe adalera ana ndi adzukulu ndi utaka wa pachilumba cha Mbenji. Mnzake wa paulendo adali mwana wa mlongo wake, mnyamata wa zaka 26 amene adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ndiye ankasunga kabuku ka ndalama za boti. Mkuluyo ndiye adali mwini mbumba, choncho mnyamatayo ankamuitana kuti atsibweni.

Chilumba cha Mbenji chili ndi malamulo ake amene mafumu a kwa Makanjira akhala akuwasunga kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Usodzi umatsekedwa mu Disembala kuti nsomba ziswane, ndipo umatsegulidwa ndi mwambo mu Epulo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo akazi sapondapo. Masabata oyamba chitsegulire ndiwo a phindu chifukwa utaka umakhala utachuluka, kotero kuti boti lowaphonya limakhala lataya gawo lalikulu la chaka. Tsono injini ya mkuluyu idaferatu mu Novembala 2018, amakaniko ataiyesa kawiri n'kuilephera. Kupalasa ndi nkhafi boti lodzaza ukonde ndi alovi mpaka ku Mbenji idali ntchito yoti munthu wa zaka zotere sakadaiganizira n'komwe.

Popeza mutu umodzi susenza denga, abale adakhala pansi nasonkha. Wina adagulitsa mbuzi, wina adakongola ku banki m'khonde, ndipo mayi wa mnyamata uja, amene adali wamasiye, adagulitsa matumba 6 a mpunga omwe adasungira miyezi ya njala. Adali atamva kwa asodzi anzawo kuti ku Dar es Salaam mainjini a maboti amapezeka pamtengo wotsikirapo, ndiye adagwirizana zotuma anthu awiri, mkulu wodziwa injini pongoimva kulira kwake ndi mnyamata wodziwa kuwerenga mapepala. Usiku wotsanzika mayi uja adakazinga chimanga ndi mtedza, nazimanga pamodzi ndi utaka wowamba kuti zikhale kamba wa panjira. Popereka phukusilo kwa mlongo wake adangoti, "Achimwene, mpunga wa ana anga uli m'chiuno mwanumo. Muyende nawo bwino." Ankanena ndalama zimene adazisokera m'lamba wa nsalu.

Mabasi ochoka ku Lilongwe mpaka ku Dar es Salaam adalipo, koma iwo adasankha msewu wa m'mbali mwa nyanja, wodzera ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay, chifukwa ku Mzuzu ndi ku Karonga kudali abale owagoneka mwaulere. Adanyamuka Loweruka. Lolemba m'mawa adadinditsa mapasipoti pachipata cha Songwe, nawoloka mlatho kulowa ku Kasumulu. Kuchoka apo msewu umakwera mapiri a ku Tukuyu pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi, kenaka n'kutsetserekera ku Mbeya, mzinda wozizira womwe uli pamwamba ndi mamita pafupifupi 1,700 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Anthu ozolowera kutentha kwa ku Salima adafika akunjenjemera, mvula ikuwaza, napeza malo m'nyumba ina yogona alendo pafupi ndi depoti ya mabasi.

Pa Mbeya m'pamene njira idagawika patatu. Kuchoka pamenepo kukafika ku Dar es Salaam pali makilomita opitirira 800, ndipo munthu akhoza kuwayenda pa basi, pa sitima ya pamtunda kapena pa ndege. Mabasi ankanyamuka tsiku ndi tsiku m'mamawa, n'kuyenda tsiku lathunthu. Sitima ya TAZARA, yochokera ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia, inkadutsa pa Mbeya kawiri pa mlungu ndipo inkatenga usana umodzi ndi usiku umodzi. Ndege inkanyamukira pabwalo la Songwe, lomwe lidatsegulidwa mu 2012 kunja kwa mzindawo, ndipo ulendo wake sunkakwana maola awiri.

Mnyamata ndiye adayamba kulankhula, foni ili m'manja. "Atsibweni, tikwere ndege. Mawa dzuwa lisanafike paliwombo tikhala titafika. Ndalama zimene tanyamulazi n'zambiri, ndipo pamsewu pamachitika zambiri. Komanso miyendo yanu imatupa mukakhalitsa." Mfundo zakezo zidali zomveka ndithu, koma kuseri kwake kudali chinthu china chimene sadachitchule. Iye adali asadakwerepo ndege chibadwire, ndipo anzake a ku Chikombe adali atamuuza kuti akabwere ndi chithunzi.

Mkulu uja adaseka pang'ono nati, "Iwe, ukuyesa ndikuopa ndege? Ine ndidaikwera amayi ako asadathe n'komwe msinkhu." Sadaname, pakuti mu 1972 adalembedwa ntchito ndi Wenela, bungwe lomwe linkatenga amuna a kuno kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Ankawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchoka kumeneko ankapitiriza pa sitima. Mu Epulo 1974 ndege ina ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa ulendo wa Wenela. Mkuluyu sadatchule ngoziyo pofuna kumuopseza mnyamata. Chomwe adafuna kunena n'chakuti tikiti ya masiku amenewo inkalipiridwa ndi eni migodi, pamene ya tsopanoyi ikadalipiridwa ndi mbuzi ndi mpunga za ku Chikombe, ndipo mtengo wake unkaposa wa basi kangapo.

Komatu nayenso mkuluyo adali ndi chake chakumtima, chomwe chidali sitima. Njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima mu 1935, ndipo iye ali mnyamata ankakwera sitima pa Chipoka kupita ku Limbe ndi madengu a nsomba zouma. Ankakumbukira mabenchi a matabwa, amayi ogulitsa nzimbe m'masiteshoni ndi macheza a usiku wonse ndi anthu osawadziwa. Papita zaka zambiri sitima ya anthu isakuimanso pa Salima, ndipo iye ankalakalaka kumvanso kugunda kwa njanji asadamwalire. Mbiri ya TAZARA adaimva pawailesi ali ku migodi. Ian Smith atalengeza yekha ufulu wodzilamulira wa Rhodesia mu 1965, Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere adafuna njira yotulutsira mkuwa wa Zambia yosadzera m'maiko olamulidwa ndi azungu. Dziko la China lidapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja pamodzi ndi amisiri, ndipo njanji ya makilomita 1,860 idamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975. "Tidikire sitima," adatero mkuluyo. "Muli malo ogona, munthu umatambasula miyendo, ndipo mtengo wake ngwabwino."

Apa mawu adayamba kukwera. Mnyamata adati atsibweni ake akufuna kuchedwetsa ulendo chifukwa cha zakale. Mkuluyo adati mwana wa masiku ano amafuna kuuluka asadamere nthenga. Kenaka onse adakhala duu, aliyense atayang'ana kwake, mvula ikugunda pamalata. Akale adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kawirikawiri mwambiwu amaunena kwa munthu mmodzi wosirira zinthu ziwiri, koma usiku umenewo udayenera anthu awiri amene aliyense ankakokera kunthambi yake, pamene ndalama zolipirira zonsezo sizidali za mmodzi wa iwo.

Amene adawathandiza adali mayi woyang'anira nyumba yogona alendoyo, yemwe adazolowera amalonda a ku Malawi ndi ku Zambia ndipo ankatha kusakaniza Chinyanja m'Chiswahili chake. Atabweretsa tiyi, mkulu uja adavula chipewa namufunsa mwaulemu za mayendedwe a zokwera zonse zitatu. Mnyamata adachita manyazi poona atsibweni ake akufunsa zinthu zimene iye ankati zili kale m'foni, koma mayiyo adayankha ndi mwambi wa kwawo wakuti kuuliza si ujinga, kutanthauza kuti kufunsa si uchitsiru. Ndi nzeru yomweyo imene Achewa amaiphunzitsa akamati safunsa adadya phula. Mayiyo sadawauze chokwera. Adayamba wawafunsa zinthu zitatu: chimene ankakatenga ku Dar es Salaam, kulemera kwake, ndi tsiku limene ankafunika kukhala ali kwawo. Atamva mayankho adawauza kuti sitima yopita kunyanja yamchere inkadutsa pa Mbeya Lachitatu ndi Loweruka, pamene yobwerera inkanyamuka ku Dar es Salaam Lachiwiri ndi Lachisanu. Adawachenjezanso kuti sitima yochokera kutali chotero munthu saiwerengera mphindi.

Mkulu uja adamasula phukusi la kamba, natapa chimanga chokazinga, nayala njere patebulo, njere imodzi kuimira tsiku limodzi. Adayamba ndi ulendo wobwerera, chifukwa ndiwo udali ndi katundu. Injini ya boti ikakhala m'bokosi lake imalemera kuposa thumba la chimanga, ndipo sichinthu choponya pansi pa basi pamodzi ndi mabelo a kaunjika n'kumachitsitsa usiku m'depoti. Pa sitima akadaiyeza pasikelo, n'kuilembera lisiti, n'kuiika m'bogi ya katundu. Choncho njere ya Lachisanu adaiika payokha, kuti tsiku limenelo ayenera kukhala pasiteshoni ya ku Dar es Salaam injini ili m'manja. Atatero adawerenga chobwerera m'mbuyo. Akadadikira sitima ya Lachitatu akadagona pa Mbeya usiku wina wolipira, n'kukafika Lachinayi masana, n'kutsala ndi maola ochepa ofunira injini mumzinda wachilendo. Kugula mothamanga kukadawagulitsa chinthu cholakwika, ndipo kuphonya sitima ya Lachisanu kukadawasunga mpaka Lachiwiri, akudya ndi kugona pa ndalama za eni. Atafika pamenepo mkuluyo adakankhira pambali njere yake ya Lachitatu osanena kanthu.

Kenaka adatembenukira ku ndege. Ndege ikadawafikitsa Lachiwiri masana, basi ikadawafikitsa Lachiwiri lomwelo usiku. Kusiyana kwake kudali theka la tsiku, ndipo thekalo silikadawabweza kumudzi msanga ngakhale ndi ola limodzi, poti sitima yobwerera idali ya Lachisanu basi. "Taona," adatero mkuluyo, "tikagula liwiro, tikagula loti tikakhale nalo pansi kudikira Lachisanu. Kuthamanga sikufika." Mnyamata adayesa kubwereza za chitetezo cha ndalama, koma mayi uja adati mabasi akutali ankayenda masana okhaokha, popeza boma lidali litaletsa maulendo a usiku kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo munthu wosaonetsa lamba wake pagulu sankavutitsidwa.

Mawu amene adatseka nkhaniyo adali okhudza malonje. Mkuluyo adamuyang'ana mnyamata nati, "Tikabwerera tikakhala pamphasa, ndipo kabuku ukawerenga ndiwe. Ukafika pa tsiku la mawa udzati chiyani? Udzati tidakwera ndege, amayi ako ali pomwepo, nkhokwe yawo ili gwaa? Nanga ine ndidzati tidagona pa Mbeya masiku awiri chifukwa ndidalakalaka sitima ya unyamata wanga? Tisankhe chimene tikathe kuchinena maso ali tunguu kuyang'ana anthu." Mnyamata adaika foni m'thumba, natuluka kukagula matikiti awiri a basi.

Atabwera nawo adanena mosangalala kuti mawa agona mokwanira, poti patikiti adalemba kuti basi inyamuka 12:00. Mkuluyo, amene tsopano adali atazolowera kufunsa, adatengera tikitiyo kwa mayi uja, ndipo iye adaseka mpaka kugwira m'mimba. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero kuti 7 koloko m'mawa amaitcha ola loyamba, ndipo 6 koloko m'mawa ndiyo saa kumi na mbili, ola la 12. Pambali pa nambalayo padali liwu lakuti asubuhi, kutanthauza m'mawa, limene mnyamata sadalisamale. Kuwonjezera apo, nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi, ndipo wotchi ya pamkono ya mkuluyo idali ikuyendabe pa nthawi ya ku Salima. Basi imene mnyamata ankaiyesa ya masana idali yonyamuka 5 koloko m'bandakucha pa wotchi imeneyo. Pakadapanda kufunsa, matikiti onse awiri akadapita pachabe.

Ulendo wa pa basi sudali wokoma, ndipo pamalonje palibe adaukometsa. Adanyamuka kuli chisisira, nadutsa m'zigwa za mpunga, nakwera ku Makambako kumene mphepo yozizira imalowa mpaka m'mafupa, napitirira ku Mafinga pakati pa nkhalango za paini. Atapitirira Iringa adafika pa Kitonga, pamene msewu umatsika phiri mokhotakhota, phompho lili mbali imodzi, malole olemera akukwawa ngati ankhono. M'basi monse mudati zii, ndipo mnyamata amene ankafuna kuuluka m'mitambo adagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri. Pansi pa phirilo adalowa m'chigwa chodzaza milambe, chimene chidawakumbutsa kwawo. Basi idaima kanthawi kochepa kuti anthu adye, koma iwo adangogula madzi n'kudya kamba wawo.

Chakumadzulo msewu udalowa m'nkhalango yosungira nyama ya Mikumi, imene msewuwo umaidutsa pakati kwa makilomita pafupifupi 50. Adaona mbidzi, anyani ndi akadyansonga zikudya m'mbali mwa msewu, ndipo mnyamata adapeza chithunzi chokaonetsa anzake. Koma pofika ku Morogoro mapazi a mkuluyo adali atatupa moti adavula nsapato, ndipo kuchoka pa Chalinze basi inkangokwawa pamzere wa magalimoto. Adatsika pa depoti ya Ubungo usiku, patatha maola oposa 14, mkuluyo atatsamira paphewa la mwana wa mlongo wake. Mnyamata adati, "Atsibweni, ndimanena ine za miyendoyi." Iye adayankha kuti, "Unanena zoona. Koma miyendoyi ndi yanga, ndikhoza kuilipiritsa. Walira mvula walira matope."

Lachitatu ndi Lachinayi adazungulira m'masitolo a ku Kariakoo ndi madera oyandikana nawo. Dzina la Kariakoo lidachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ntchito imene amuna ambirimbiri a ku Nyasaland adaigwira mokakamizidwa ndipo kuno inkatchedwa mtengatenga. Masiku awiriwo adagwira ntchito yake. Tsiku loyamba adangoona ndi kufunsa mitengo, osatulutsa ndalama. Injini ina yotchipa, yopakidwa utoto wonyezimira, mkuluyo adaikana atangoimva kulira, nati idagwirapo kale ntchito zaka zambiri. Tsiku lachiwiri adabwerera kusitolo imene idawapatsa mapepala omveka, ndipo mnyamata adafananiza nambala ya painjini ndi ya palisiti asadalipire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kudatheka chifukwa cha masiku amene njere za chimanga zija zidawasungira.

Lachisanu masana adafika pasiteshoni yaikulu ya TAZARA, nayezetsa bokosi lawo, naliona likulowa m'bogi ya katundu. Iwo adakwera kalasi yachiwiri, m'chipinda cha anthu 6 chokhala ndi mabedi opinda, amuna paokha monga mwa dongosolo la sitimayo. Mdima udagwa akulowa m'nkhalango ya Selous, ndipo usiku adadutsa Ifakara ndi Mlimba. Kuchoka pa Mlimba kukafika ku Makambako ndi chigawo chimene chidavuta kwambiri pomanga, chifukwa njanji imakwera mapiri podzera m'mapanga obooledwa ndi pamilatho yaitali. Mkuluyo sadagone. Adakhala pawindo, miyendo atatambasula, akumvera kugunda kumene adakulakalaka zaka zonse zija. M'bandakucha adadzutsa mnyamata kuti aone nkhungu ili m'munsi mwa sitima, m'zigwa. Sitima imene adaikana Lolemba adaikwera Lachisanu, nthawi ino katundu ndiye ataisankha.

Adafika pa Mbeya Loweruka, nagona kwa mayi yemwe uja, nam'siyira utaka wotsala ngati chithokozo. Lamulungu adawoloka pa Songwe, ndipo ndalama zimene adapulumutsa posakwera ndege zidakwanira zofunika pachipata ndi zonyamulira bokosi mpaka ku Salima. Lachiwiri madzulo adali pamphasa ku Chikombe. Mkuluyo adalongosola njira yonse, osabisa mkangano wa pa Mbeya kapena chilakolako chake cha sitima, ndipo anthu adaseka kwambiri nkhani ya ola la 12. Mnyamata adawerenga kabuku tsiku ndi tsiku mpaka kumapeto, natulutsa ndalama zotsala n'kuziika pamphasa. Akulu adagwirizana kuti zotsalazo zipite kwa mayi wamasiye uja. Iye adaomba m'manja nati, "Mwayenda bwino, achimwene. Mwana mwam'bweza ali munthu." Mbenji atatsegulidwa mu Epulo, boti lawo lidali m'gulu la oyamba kunyamuka.

Nkhani imeneyi siikunena kuti basi iposa ndege, kapena kuti sitima iposa basi. Mkulu yemweyo adanena pamalonjepo kuti ndege ili ndi tsiku lake. Munthu akamva kuti kholo lake lili kayakaya, kapena kuti maliro akudikira iye, ndiye kuti ola lililonse lili ndi mtengo, ndipo amene angathe kulipira ndege asaumire. Wodwala msana kapena mayi woyembekezera sayenera kukhala pampando maola 14 pofuna kupulumutsa ndalama zimene akazisiyenso kuchipatala. Wopita kukaona dziko ndi ndalama zake akhoza kudikira sitima masiku awiri popanda womufunsa. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Mwambiwu umalola njira kukhota m'mene ingakhotere, koma umafuna kuti woyendayo adziwe kumene mtima walinga. Awiri aja adakangana chifukwa adayamba ndi kufunsa chokwera. Mayi wa ku Mbeya adawabwezera ku mafunso oyenera kuyamba: chokatengedwa n'chiyani, chikufunika liti, ndipo ndalama ndi za yani. Atayankha amenewo, chokwera chidadziwika chokha, ndipo chopitira chidasiyana ndi chobwererera.

Pali phunziro linanso lokhudza akulu ndi ana. Anthu amakonda kunena kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, ngati kuti mkulu salakwa. Pa Mbeya mkulu adalakwa pofuna sitima monga momwe mwana adalakwira pofuna ndege. Ukulu wake udaoneka pamene adayamba ndiye kukankha njere yake, asadakhudze ya mnyamata. Akadayamba ndi kutsutsa ndege n'kusunga sitima yake, mnyamatayo akadamvera chifukwa cha ulemu, koma akadabwerera kumudzi ndi chakukhosi. Nayenso mnyamata adali ndi gawo lake, pakuti adanena zoona za miyendo, ndipo ndiye adateteza ndalama pofananiza manambala kusitolo.

Zinthu zambiri zasintha panjira imeneyi chichokere 2019. Kuyambira 2021 mabasi akutali amaima pa depoti yatsopano ya Magufuli ku Mbezi m'malo mwa Ubungo. Mu 2023 boma la Tanzania lidalola mabasi kuyenda usiku. Mu 2024 sitima ya magetsi idayamba kuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma, ngakhale kuti njanji imeneyo siidzera ku Mbeya, ndipo mu 2025 maiko a Zambia ndi Tanzania adasainirana pangano ndi kampani ya ku China lokonzanso njanji ya TAZARA. Choncho amene anganyamuke lero asadalire masiku ndi maola a m'nkhani ino. Akafika pa Mbeya akavule chipewa n'kufunsa eni dera monga adachitira mkulu wa ku Chikombe, akayale masiku ake kuyambira pa tsiku lobwerera, ndipo asadalipire tikiti akakumbukire anthu amene adzakhale pamphasa kumva malonje ake.